Tsiku limene ngongole zonse za banki m'khonde zinasowa

Amayi a gulu lina la banki m'khonde ku Ndirande anandipempha kuti ndiwakonzere pulogalamu ya pafoni yosonyeza masheya ndi ngongole za membala aliyense. Ambiri mwa iwo ali ndi mafoni a itel ndi Tecno amene sachedwa kudandaula kuti malo atha, choncho wapampando anandilamula kuti fayilo ya APK, imene munthu amaikira pulogalamuyo m'foni, ikhale yopepuka, yoti itumizidwe pa WhatsApp popanda kutha bandulo ya munthu.

Ndinatsegula chida cha APK Analyzer mu Android Studio, momwe timapangira mapulogalamu a pafoni, kuti ndione chimene chinkanenepetsa fayiloyo. Zithunzi za PNG ndinazisandutsa WebP, mtundu wa zithunzi wopepukirapo, ndipo ndinachotsa mawu a Chijapani, Chirasha ndi zilankhulo zina zimene zimabwera ndi malaibulale (zidutswa za pulogalamu zolembedwa kale ndi anthu ena), popeza palibe mayi wa ku Ndirande amene anazipempha. Kenako ndinayatsa masiwichi a minifyEnabled ndi shrinkResources, amene amadzutsa R8, chida chopeputsa pulogalamu chimene chinalowa m'malo mwa china chotchedwa ProGuard mu 2019. R8 imataya khodi yosagwira ntchito, komanso imafupikitsa mayina a m'kati, moti "dzina" limasanduka "a" ndipo "ngongole" imasanduka "b". Fayilo inaphwa ndi kupitirira theka, ndipo ine ndinayenda monyada ngati tambala wa m'mudzi wopanda atambala ena.

Vuto ndi lakuti laibulale ya Gson, imene imawerenga uthenga wochokera ku seva (kompyuta yakutali yosunga masamu a gulu), imafananiza mayina chilembo ndi chilembo. Seva inkatumiza "ngongole", pamene Gson inkafunafuna "b". Pafoni yanga zonse zinkaoneka bwino chifukwa mtundu woyeserera wa pulogalamu sudutsa m'manja mwa R8.

Loweruka masana amayi anakhala pamkeka pakhonde la amsungichuma, bokosi la maloko atatu lili pakati, ndipo aliyense anatsegula pulogalamu yatsopanoyo. Foni iliyonse inalemba zofanana: "Mayi null, masheya K0, ngongole K0." Null ndi mawu amene pulogalamu imalemba ikapeza kuti palibe kanthu. Amene anali ndi ngongole anaimba nthungululu, pamene amene anasunga masheya ambiri anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana amsungichuma, amene panthawiyo anali atavala chitenje chatsopano, mwatsoka lawo.

"Achimwene, tafotokozani msanga ndisanathamangitsidwe m'dera lino," anatero amsungichuma, akufunafuna kope lakale la masamu m'chikwama.

Ndinayesa kulongosola za R8, koma mayi wina amene anakongola ndalama za geni ya makala anandidula mawu, nati makina sanama ndipo ndisawavutitse. Ndinakhala pachidebe chamadzi ndi laputopu pamaondo, n'kulemba mzere wa -keep mu fayilo ya malamulo ya proguard-rules.pro woletsa R8 kukhudza mayinawo. Fayilo inanenepako pang'ono chabe, mayina anabwerera, ndipo ngongole nazo zinabwerera zonse ndi chiwongoladzanja chake.

Mayi wa makala uja mpaka lero akukana kulandira mtundu watsopano wa pulogalamuyo, ndipo pamsonkhano uliwonse amakweza foni yake m'mwamba kuti gulu lonse lione K0.