Tiyi wa ku China wogula pa intaneti: pomwe ndafika posankha, poyesa ndi posunga

Pashelefu patsala mitundu itatu ya tiyi imene ndikuona kuti munthu angagule kwa ogulitsa a pa AliExpress, eBay, Etsy kapena Taobao osataya ndalama pachabe. Woyamba ndi Dianhong, tiyi wofiira (amene kuno timati wakuda) wa ku Yunnan. Wachiwiri ndi pu'er wovundika wa m'mafakitale odziwika, tiyi wa ku Yunnan amene kawirikawiri amagulitsidwa wopanikizidwa m'zimbale, ndipo wachitatu ndi Shoumei, tiyi woyera wa ku Fuding m'chigawo cha Fujian. Onse atatu kwawo ndi tiyi wamba, amalimidwa wambiri, choncho wogulitsa sapindula kwenikweni akanama za iwo. Bodza limachuluka kumene kuli dzina lalikulu, ndipo m'misika imeneyi mayina akuluakulu ali ponseponse pa mtengo wa masamba wamba.

Tengani Da Hong Pao wa ku mapiri a Wuyi. Mitengo yake yoyambirira ilipo isanu ndi umodzi yokha, ndipo kuyambira mu 2006 sathyolamonso masamba. Zimene zimagulitsidwa ndi dzinali lero ndi masamba a mitengo yochokera ku nthambi zake, kapena kawirikawiri msakanizo wa mitundu ina ya komweko monga Rougui ndi Shuixian. Msakanizo wotere ukhoza kukoma bwino, koma amene walemba kuti wake ndi wa mitengo yoyambirira wakuuzani kale kuti zina zonse za m'sitolo yake muzikayikire. N'chimodzimodzi ndi pu'er wa Lao Banzhang kapena Bingdao. Imeneyi ndi midzi yaing'ono, ndipo masamba a mitengo yake yakale amagulidwa ma yuan masauzande ambiri pa kilogalamu akadali m'mudzi momwemo. Chimbale cha madola 15 cholembedwa Lao Banzhang chili ndi dzinalo papepala pokha.

Ntchito yoyamba, musanayang'ane chithunzi, ndi kupeza mtengo wa galamu imodzi. Ogulitsa a ku China amawerengera mu jin, imene ndi magalamu 500, ndi liang, imene ndi magalamu 50. Mtengo umene umaoneka patsogolo nthawi zambiri ndi wa paketi yaing'ono kwambiri, ndipo umasintha mukangosankha kukula kwina. Chimbale cha pu'er chimalemera magalamu 357, zimbale zisanu ndi ziwiri zomangidwa m'makoko a nsungwi zimapanga tong wa makilogalamu pafupifupi 2.5, tuo wooneka ngati mbale yaing'ono amakhala wa magalamu 100, njerwa ya magalamu 250. Phatikizani mtengo wa tiyi ndi wotumizira, mugawe ndi magalamu. Chimbale cha madola 25 pamodzi ndi kutumiza chikutuluka masenti 7 pa galamu, ndipo mukamathira magalamu 7 pakumwa kulikonse chikukwanirani maulendo 51. Paketi ya magalamu 50 ya madola 9 imaoneka yotsika mtengo, koma ndi masenti 18 pa galamu.

Pepala lokulunga chimbale limanena zambiri kwa wodziwa kuliwerenga, choncho sindigulanso kwa wogulitsa amene saonetsa kumbuyo kwake. Kumbuyoko kumakhala dzina la fakitale, tsiku lopangira ndi nambala ya chilolezo chopangira zakudya. Nambala yoyamba ndi zilembo SC inayamba kugwira ntchito mu October 2015, m'malo mwa chizindikiro chakale cha QS. Ndiye chimbale chimene akuti n'cha 1998 koma pepala lake lili ndi SC, mwina chinakulungidwanso posachedwa, mwina masamba akale anapanikizidwa mochedwa, koma kawirikawiri zakazo n'zopeka. Funsani wogulitsa, muone mmene ayankhire. Pu'er weniweni amalembedwanso GB/T 22111, muyezo wa 2008 umene umati dzinali ndi la tiyi wa masamba akuluakulu a ku Yunnan, oumitsidwa padzuwa. Zilembo ziwiri zoyenera kuziloweza ndi 生, sheng, pu'er wosavundika, ndi 熟, shou, wovundika. Mutu wa malonda womasuliridwa ndi makina umasokoneza ziwirizi kawirikawiri, pomwe pepala silisokoneza.

Manambala anayi monga 7542 ndi 7572 si mtengo kapena chaka chopangira. Awiri oyamba ndi chaka chimene kasakanizidwe ka masambako kanakhazikitsidwa, 1975, yachitatu ndi giredi ya masamba, yomaliza ndi fakitale: 1 ndi Kunming, 2 ndi Menghai, 3 ndi Xiaguan. 7542 ndi sheng, 7572 ndi shou, onse a fakitale ya Menghai imene imagulitsa ndi dzina la Dayi. Chaka chenicheni chili pa nambala ina ya gulu. 801 ndi gulu loyamba la 2008, 1901 ndi gulu loyamba la 2019. Popeza Dayi ndi dzina lotchuka, achinyengo amalikopera pamodzi ndi chizindikiro chomata chachitetezo, moti ameneyu ndi bwino kumugula m'sitolo ya fakitaleyo pa Tmall, msika wa pa intaneti wa ku China, kapena kwa wogulitsa tiyi yekhayekha wodziwika. Sitolo imene ikugulitsa tiyi pamodzi ndi makeso a foni ndi mawigi sidziwa kumene masambawo agona zaka zonsezi.

Ndemanga za ogula zimathandiza pang'ono. Nyenyezi zisanu zambiri zimaperekedwa katundu atangofika, munthu asanawiritse n'komwe madzi. Zothandiza ndi zithunzi za ogula, makamaka za masamba onyowa, ndi ndemanga zotsikitsitsa, chifukwa m'menemo ndi mmene mumamveka za fungo la chuku, kulemera kosakwana ndi tiyi wosiyana ndi wa pachithunzi.

Kuyesa sampulo

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Gulani masampulo a magalamu 10 mpaka 25 poyamba. Ngati wogulitsa alibe, tuo wa magalamu 100 ndiye sampulo yanu. Zida zake n'zochepa: sikelo yoyeza mpaka 0.1 ya galamu, makapu oyera ofanana, mbale yoyera, ndi gaiwan ya mamililita 100, kapu yadothi yosalala yokhala ndi chivindikiro.

Kuyesa koyamba n'kwankhanza mwadala. Magalamu 3, madzi owira mamililita 150, vindikirani mphindi 5, tsanulani. Umu ndi mmene oyesa tiyi ku China amayezera tiyi wofiira, ndipo cholinga sikuti akome ayi, koma kuti chilema chilichonse chionekere. Tiyi wabwino amawawa ndithu, koma kuwawako kumasungunuka pasanathe mphindi n'kusiya kutsekemera kukhosi, kumene amati huigan. Woipa amasiya m'kamwa mouma ngati mwadya nthochi yosapsa, ndipo kuumako sikuchoka. Mukamva kukhosi kukuyabwa kapena kuthina, lilime likuchita dzanzi, tiyiyo musamumwenso, kaya analembedwa dzina lanji.

Kuyesa kwachiwiri ndi kwa kamwedwe ka masiku onse. M'gaiwan muike magalamu 6 kapena 7 a pu'er, 5 a Dianhong kapena Shoumei. Pu'er mumutsuke kaye ndi madzi owira kwa masekondi 5 mpaka 10, madziwo mutaye, shou mumutsuke kawiri. Kenako thirani kwa masekondi 10, n'kumawonjezera masekondi 5 kapena 10 ulendo uliwonse. Lembani ulendo umene kukoma kwatha. Pu'er wabwino amafika maulendo 8 kapena 10, Dianhong 5 kapena 6. Tiyi wothiridwa mafuta onunkhiritsa amadziulula pano: fungo la mkaka kapena la pichesi limatuluka mwamphamvu paketi ikangotsegulidwa, limadzaza kapu yoyamba, pofika yachitatu kulibe. Oolong (tiyi wapakati pa wobiriwira ndi wofiira) wa mtundu wa Jin Xuan ali ndi kafungo ka mkaka kachibadwa, koma n'kofatsa ndipo kamakhalitsa mpaka kumapeto.

Mukatha, yalani masamba onyowawo m'mbale yoyera. Amene analembedwa kuti ndi wa nsonga yokhayokha aoneke nsonga, osati timitengo ndi zidutswa. Tsamba la shou likokedwe ndi zala liyambe latamuka lisanang'ambike. Likasanduka phala, linavundikidwa mopyola. Likakhala lakuda ndi louma ngati khala, linapsa pamulu. Pa chimbale, yerekezani masamba a pamwamba ndi a m'kati, chifukwa fakitale zambiri zimawaza nsonga zokongola kunja. Zimenezi n'zachizolowezi ngakhale kwa opanga abwino, koma m'kati mukapezeka fumbi lokhalokha, mwagula chophimba. Chimbale chiswedwe ndi kampeni kosongoka kolowetsa cham'mbali, kolunjika kutali ndi dzanja logwira, n'kumatukula pang'onopang'ono kuti masamba asaphwanyike, pakuti ophwanyika amawawa msanga. Tuo wa Xiaguan ndi wolimba kwambiri ndipo ndi amene amabayitsa anthu.

Pali mafungo awiri amene ambiri amawasokoneza. Shou amapangidwa pounjika masamba, kuwanyowetsa ndi kuwavundika kwa masiku 45 mpaka 60, njira imene inakhazikitsidwa ku fakitale ya Kunming mu 1973. Watsopano amatha kununkha ngati nsomba kapena matope a padambo. Muphwanye gawo lina, muliike m'chikho chadothi chophimba ndi pepala kwa milungu iwiri kapena itatu, ndipo fungolo limachepa kwambiri. Fungo la chuku silichoka choncho. Ubweya woyera, wobiriwira kapena wakuda pa chimbale ndi chuku, chimbalecho chitayidwe. Osasokoneza ndi timadontho tachikasu ta m'kati mwa njerwa ya Fu ya ku Anhua m'chigawo cha Hunan, timene amati jin hua. Timeneto amatikulitsa dala ndipo ndi chizindikiro cha njerwa yopangidwa bwino.

Madzi amatha kuipitsa mbiri ya tiyi wosalakwa. A pamjigo okhala ndi mchere wambiri amadetsa tiyi, amasiya kakhungu pamwamba ndipo amapha fungo, choncho sampulo iyesedwe ndi madzi osefedwa kapena a m'botolo, amodzimodzi nthawi zonse. Komanso ku Lilongwe ndi Blantyre, kumene kuli pamtunda wa mamita opitirira 1,000, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97, safika 100. Kwa pu'er izi zikutanthauza kutenthetsa gaiwan kaye ndi kuthira madzi akangochoka pamoto. Poyerekeza, n'kwanzeru kuika pambali kapu ya tiyi wa masamba athunthu wa ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa imapanga woyera ndi oolong, ndipo ngati Shoumei wochokera kutali sakupambana wapafupiyu, palibe chifukwa cholipirira ndege.

Wobiriwira ndamuika pambali

Longjing wa ku Hangzhou ndi Biluochun wa ku Suzhou ndi okoma kwambiri, koma ulendo wautali suwayanja. Wabwino amathyoledwa chikondwerero cha Qingming chisanafike, cha pa 4 kapena 5 April, ndipo kukoma kwake kumayamba kutha m'miyezi yochepa ngati sali mozizira. Katundu woyenda ndi positi yotsika mtengo amatha mwezi kapena iwiri m'njira, m'malo otentha. Chinanso, Longjing amene akugulitsidwa ngati watsopano mu February kapena kumayambiriro kwa March nthawi zambiri ndi wa mtundu wofulumira wa Wuniuzao, kapena ndi wa chaka chatha. Wofuna kumugulabe agule mu April kapena May, magalamu osaposa 50, afunse tsiku lothyolera, alipire kutumiza kwachangu, ndipo amuthire madzi a madigiri 80, magalamu 3 pa mamililita 150. Tieguanyin wobiriwira wa ku Anxi ali m'gulu lomweli ngakhale amabwera m'timapaketi topopedwa mpweya ta magalamu 7 kapena 8. Wowamba pamakala ndiye amapirira ulendo.

Za kutumiza, tiyi wopanikizidwa amatuluka wotsika mtengo kuposa womasuka, chifukwa makampani a ndege amawerengeranso kukula kwa katoni, ndipo Shoumei womasuka ndi wopepuka koma amadya malo. Pa Taobao pamafunika mkhalapakati wolandira katundu ku China n'kumutumiza, ndipo mumuuze asachotse mapepala okulunga, komanso asaike tiyi katoni imodzi ndi sopo kapena zonunkhiritsa. Sankhani njira yokhala ndi nambala yolondolera katundu, sungani risiti chifukwa a MRA akhoza kuifuna powerengera msonkho, ndipo jambulani vidiyo potsegula ndi poyeza kulemera. Nthawi yodandaulira ili ndi malire, choncho musadine kuti mwalandira katundu asanafike m'manja. Mitengo imatsika pa 18 June ndi pa 11 November, ngakhale ena amayamba aikweza, ndipo kumapeto kwa January mpaka pakati pa February, nyengo ya Chaka Chatsopano cha ku China, masitolo ambiri satumiza kanthu.

Gawo limene ndikulimbana nalo tsopano ndi kusunga. Pu'er amafuna chinyezi cha pakati pa 60 ndi 70 peresenti, malo amdima, opanda fungo. M'dzinja, kuyambira December mpaka March, chinyezi cha m'nyumba chimapyola pamenepa ndipo chuku chimagwira msanga chimbale chotsamira khoma kapena chogona pansi. M'chilimwe, cha mu September ndi October, mpweya umauma moti tiyi amataya fungo n'kuyamba kuwawasa. Njira imene ikugwira ndi kuika chimbale chilichonse m'thumba lokhuthala la zipi, sheng payekha, shou payekha, m'katoni yokwezedwa pashelefu kutali ndi khitchini, ndi kachida koyezera chinyezi m'katimo. Chikapitirira 72 peresenti ndimaikamo kapaketi ka silika koyamwa chinyezi kwa masiku awiri. Dianhong ndi Shoumei amakhala m'zitini zotseka bwino ndipo safuna firiji. Mu firiji mumalowa wobiriwira yekha, womata bwino, ndipo paketi ikatuluka isiyidwe maola angapo isanatsegulidwe, kuti thukuta la kuzizira lisagwere pamasamba.