Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Chikombole cha Bambo

Ndinalowa koyamba m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ndili Sitandade 7, pamene sukulu yathu ya ku Kawale inatitengera ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre. Ulendowo ndi wa makilomita oposa 300, ndipo mayi anakazinga mandasi milungu itatu kuti ndalama ya basi ikwane. Pabwalo panali mutu wa sitima yakale yoyendera nthunzi, pomwe mkati anzanga onse anaunjikana pa mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Ine ndinatsalira pa mbiya, mikondo ndi makasu osula, chifukwa zinkafanana ndi zimene zinkangokhala kuseri kwa nkhokwe ya agogo ku Mitundu, koma kuno anaziika m'galasi, chilichonse ndi kapepala kofotokoza kumene chinachokera.

Nditabwerera kunyumba ndinafunsa kuti, "Bambo, nanga zakale za Lilongwe amazisunga kuti?" Iwo anakhala kaye chete, kenaka analowa kuchipinda ndi kutulutsa chikombole choumbira njerwa chimene chinkakhala kunsi kwa bedi. Chinali cha zibowo ziwiri, misomali yake itachita dzimbiri, dothi lofiira litaumira m'makona, ndipo pa zogwirira zake thabwa linali litaperepeseka mpaka kusalala chifukwa cha manja awo. "Mwana wanga," anatero, "zina mwa zakalezo ndi izi."

Usiku umenewo anandisimbira zimene sindinazimvepo m'kalasi. Boma litakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange likulu latsopano, anyamata ambiri a m'midzi yozungulira anabwera kudzafuna ntchito, ndipo bambo anali mmodzi mwa iwo. Ankaponda dothi mbandakucha, dzuwa lisanalimbe, ndipo madzulo ankawerenga mizere ya njerwa ndi kapitawo. Ankati pamene lero pali Capital Hill iwo anapaona pali tchire ndi minda, ndipo anatchula mayina a midzi imene anthu ake anasamutsidwa kuti mzinda upeze malo. Likulu litachoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, bambo anapitiriza kuumba njerwa za nyumba za anthu wamba. Mayina a midzi ija sindinawalembe, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero, pakuti bambo anatisiya ndisanawafunsenso.

Patapita zaka zambiri, ndinatenga mwana wanga wamkazi kukaona chiliza cha Dr Hastings Kamuzu Banda, chimene chinatsegulidwa mu 2006, ndipo ndinamuwerengetsa ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Tinapitanso ku nsanja yokumbukira asilikali amene anafera pankhondo. Malo awiriwa ndimawalemekeza ndi mtima wonse. Komabe tili m'minibasi pobwerera, mwanayo anandifunsa kuti, "Adadi, za agogo aja ankaumba njerwa tikaziona kuti?" Ndinasowa choyankha, popeza palibe pamene tinaona chithunzi cha mmisiri, cha mayi wogulitsa pamsika wa ku Old Town, ngakhale cha mtsinje wa Lilongwe, umene unapatsa mzindawu dzina, mmene unkaonekera nyumba zisanauzungulire. Ndimakhulupirira kuti mzinda umene unamangidwa anthu ake akuona uyenera kusonkhanitsa zinthu zoterezi eni ake akadali moyo.

Titafika kunyumba ndinamasula chitenje cha mayi chimene ndinakulungamo chikombole chija. Mwanayo anaika zala zake pamene panaperepeseka paja, kenaka anang'amba pepala m'kope lake ndi kulembapo dzina la agogo ake, mudzi wawo ndi ntchito yawo. Tinachiika pamwamba pa kabati pabalaza, kapepalako kali patsogolo. Loweruka lotsatira tinakwera minibasi ya ku Mitundu kukaona azakhali, mlongo wa bambo yekhayo amene watsala, titatenga kope ndi foni yojambulira mawu.