Zimene ndimachotsa patebulo ndisanajambule katundu

Ntchito yanga ndi yokonza ndi kuyala katundu wa makampani ang'onoang'ono asanajambulidwe, ndipo anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti ndimangotolera maluwa, nsalu ndi timiyala tokongola n'kuzunguliza nazo botolo kapena sopo. Inenso ndinkaganiza choncho poyamba. Tsiku lina ndinayala sopo wa mayi wina pansalu yamaluwa imene ndinkaikonda kwambiri, ndipo chithunzicho chitatuluka pa Instagram, pafupifupi aliyense amene analankhulapo anafunsa kumene nsaluyo ikupezeka, sopoyo osamutchula n'komwe. Mayiwo anandilipira kuti anthu aone sopo wawo, koma ine ndinatsatsa nsalu imene sinali yawo. Zinandipweteka, chifukwa ndinkadziwa khama limene anaika popanga sopoyo, ndipo kuyambira pamenepo chinthu chilichonse chofuna kukwera patebulo langa chimayenera kuyankha funso limodzi, lakuti chikuthandiza bwanji katundu amene akugulitsidwa.

Funso limeneli siliyankhika munthu asanakhale pansi ndi mwini katundu. Ndimafuna kudziwa amene amagula, mitundu imene kampaniyo imadziwika nayo, komanso kumene chithunzicho chikupita, pakuti malo alionse ali ndi zofuna zake. Pa Amazon, msika waukulu wa pa intaneti, chithunzi choyamba cha katundu chimayenera kukhala ndi kumbuyo koyera mbee, ndipo katunduyo azidzaza 85 peresenti ya chithunzi kapena kupitirira apo, moti kumeneko maluwa ndi timiyala zilibe malo. Pa Instagram chithunzi choimirira cha muyezo wa 4:5 (4 m'lifupi, 5 m'litali) chimadzaza bwino foni, pamene cha pa Stories, pamene zithunzi zimaoneka kwa tsiku limodzi lokha, chimafuna muyezo wa 9:16, womwe ndi wautali komanso wopapatiza. Ngati mwini katundu akufuna kudzalembapo mawu, ndimasiya danga lopanda kanthu mbali imodzi, ngakhale mtima ukundiuza kuti pamenepo pakuoneka posabala.

Nthawi yambiri imathera pa katunduyo mwini, kamera isanatuluke n'komwe m'chikwama. Ndimapempha kuti andibweretsere zinthu zingapo za mtundu umodzi kuti ndisankhe chimene lebulo yake yamatidwa mowongoka ndipo chivindikiro chake sichinakalike. Kamera imaona zimene diso limakhululuka: kafumbi kamodzi pabotolo lakuda kamaoneka ngati mwala, ndipo chidindo cha chala pagalasi chimawala koposa dzina la kampani. Ndiye ndimapukuta ndi kansalu kofewa kosasiya ulusi, kenako ndimavala magolovesi a thonje mpaka ntchito itatha. Chikwama chachikopa ndimachidzaza mapepala ofewa kuti chiime monga chimaimira chikakhala ndi katundu, zovala ndimazisita, ndipo chinthu chogubuduka ndimachigwiriza kuseri ndi kaphula komatira, monga Blu Tack, pamalo pamene kamera siona.

Pa nkhani ya kuwala ndi pamene ndimachedwa, chifukwa ngakhale wojambula atakhala wina, woyala katundu amene sadziwa kuwala amayalira mumdima. Kuwala kwa pazenera kobwera cha m'mbali ndiko ndimakukhulupirira kwambiri, popeza kumaonetsa makwinya a chikopa, ulusi wa nsalu ndi m'mphepete mwa sopo, pamene kuwala kochokera kutsogolo kumaphwatalitsa zonse. Dzuwa likalowa mwamphamvu ndimapachika nsalu yoyera yopyapyala pazenera kuti mthunzi ufewe, ndipo mbali inayo ndimaimika katoni yoyera yobweza kuwala kuti kumthunziko kusade kwambiri. Mthunzi sindiuchotsa wonse, chifukwa ndiwo umakhazika chinthu pansi, ndipo popanda iwo botolo limaoneka ngati likuyandama m'mwamba. Chimene ambiri amalakwitsa ndi kusakaniza kuwala kwa mitundu iwiri. Kuwala kwa masana kumakhala cha m'ma 5500 kelvin (muyezo wa mtundu wa kuwala), pamene babu lachikasu la m'nyumba limakhala cha m'ma 2700, ndipo ziwirizi zikakumana pa chinthu chimodzi, mbali ina imatuluka yobiriwira ngati thambo, ina yachikasu, moti ngakhale pakompyuta zimavuta kukonza. Choncho ndimazimitsa mababu onse, ndipo chithunzi choyamba ndimajambula nditaika khadi lotuwa pafupi ndi katunduyo, kuti pokonza pakhale poyambira podziwa mtundu weniweni. Zimenezi sindizitenga mopepuka, pakuti munthu amene wagula mafuta odzola kapena nsapato ataona mtundu wina n'kulandira wina amaona kuti wapusitsidwa, ndipo mlandu umagwera mwini katundu, osati ine.

Galasi ndi zitsulo zonyezimira zili ndi khalidwe lawolawo, lomwe linanditengera nthawi kuti ndilimvetse. Zinthu zimenezi zimaonetsa chilichonse chozizungulira, kuphatikizapo zenera, denga, kamera ndi malaya a wojambula, kotero kuti pozikonza umakhala ukukonza chipinda chonse. Botolo loonekera mkati limakongola kuwala kukadutsa kuchokera kuseri kwake, chifukwa pamenepo mtundu wa zam'katimo umaoneka bwino. Koma likaima patsogolo pa pepala loyera m'mphepete mwake mumasowa, ndiye ndimaimika timapepala takuda mbali zonse ziwiri, kunja kwa chithunzi, ndipo botololo limatenga mizere iwiri yakuda imene imaonetsa thupi lake. Kusuntha kapepala kamodzi pang'ono chabe kumasintha chithunzi chonse.

Zokometsera, zikapatsidwa malo, ndimafuna zinene zoona. Pambali pa sopo ndingaike tsamba kapena duwa pokhapokha ngati chomeracho chilidi m'sopomo, chifukwa wogula amawerenga chithunzi ngati lonjezo ngakhale palibe mawu olembedwa. N'chimodzimodzinso ndi zinthu zimene zingaoneke ngati zikugulitsidwa limodzi ndi katunduyo pamene sizili choncho. Chokometsera chabwino chimanenanso kukula kwa chinthu: dzanja logwira kabotolo, kapena kope lolowa theka m'chikwama, zimayankha funso limene wogula akanafunsa. Pali njira zina zodziwika m'ntchitoyi, monga kusakaniza madzi ndi glycerine kuti timadontho tikhalitse pabotolo osayenderera, ndipo imeneyi sindiona cholakwa nayo popeza sisintha katunduyo. Chimene ndimakana ndi kuthira utoto m'mafuta kuti aoneke okhathamira, kapena kudzaza chidebe kupitirira mmene chimafikira kwa wogula, ngakhale mwini katundu atapempha mondichonderera.

Za kamera ndinena mwachidule. Lenzi yaikulu ya pafoni imaona motambalala, ndipo ukaiyandikiza kwambiri imafufumitsa kutsogolo kwa chinthu n'kupendeketsa mizere imene imayenera kuima chilili. Ndi bwino kubwerera m'mbuyo pang'ono n'kugwiritsa ntchito lenzi yokokera chinthu pafupi, ya 2x kapena 3x, ngati ilipo, kamerayo itakhazikika pa choimikira cha miyendo itatu. Kamera ikaima malo amodzi, ndimatha kusuntha chinthu chimodzi, kujambula, kuyang'ana pakompyuta, kenako n'kusunthanso, ndipo nthawi zambiri chithunzi chimene timasankha pamapeto chimakhala chimene ndachotsapo zinthu ziwiri kapena zitatu pa zimene ndinayamba nazo.

Palinso chinthu chimene eni makampani sachiganizira kufikira atachisowa. Chithunzi chimodzi chokongola sichipangitsa kampani kudziwika. Anthu amaizindikira akaona mtundu womwewo wa kumbuyo, mthunzi wogwera mbali yomweyo ndi kayalidwe kofanana pa zithunzi zambiri, mpaka kufika poti amadziwa mwini katundu asanawerenge dzina. N'chifukwa chake ndili ndi kope limene ndimalembamo za kampani iliyonse: mtundu wa pepala la kumbuyo, mtunda wochokera pazenera kufika patebulo, kutalika kwa kamera, nthawi imene tinajambula, ndiponso zokometsera zimene tinagwirizana kuti zisadzaonekenso. Mayi a sopo aja anabweranso patapita miyezi ingapo ali ndi mitundu iwiri yatsopano. Ndinatsegula kopelo, ndinaika tebulo pamene linali, ndinayala pepala lotuwa lomwe tinasankha titataya nsalu yamaluwa ija, ndipo zithunzi zatsopanozo zitaikidwa pambali pa zakale, iwo eni anachita kundifunsa kuti zimene tinajambula tsikulo ndi ziti.