Zikomo, mafunso a mapazi a ana aja atha

Dzulo madzulo ndinatseka faelo yomaliza, ndinangokhala pampando misozi ili chuchuchu. Ambuye alemekezeke, chifukwa mwa ine ndekha sindikanafika.

Ambiri mukudziwa kuti ndakhala ndikumasulira m'Chichewa Oxford Ankle Foot Questionnaire for Children, mafunso 15 amene anatuluka ku Oxford mu 2008, ofunsa ana a zaka 5 mpaka 16 mmene phazi kapena kakolo zawavutitsira m'sabata yapitayi. Poyamba ndinkati mafunso ochepa chonchi nditha mwezi umodzi. Anthu awiri anamasulira aliyense payekha, wina anabwezera m'Chingerezi osaona choyambirira, tinakhala pansi n'kugwirizana. Koma titafika kwa ana eniake a muno mu Lusaka, Chichewa chathu cha m'buku chinangowadutsa pamutu.

Apa ndiye pamene Mulungu ananditumizira amayi ena a ku Chawama. Dzina sinditchula, sakonda zimenezo. Mwana wawo anabadwa ndi mapazi opindika, anadutsa m'chikhakha cha sabata ndi sabata cha njira yowongola mapazi ya Ponseti, kenako nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo zija zogona nazo usiku. Anandiitanira pambali n'kunena kuti, "Mwanangu, mwana wa muno ukati kakolo sakumva, kwa iye zonse ndi mwendo. Mloze pamalopo." Ndi iwonso anaona kuti "mwa apo ndi apo" ndi "nthawi zina" kwa mwana wa giredi 2 ndi chinthu chimodzi, pomwe mayankho ayenera kukhala asanu osiyana bwino. Tinakhalira mawu awiri amenewa masana onse.

Pali funso lija la nsapato, loti kodi phazi lakuletsa kuvala nsapato zimene umafuna. Amayi anandifunsa kuti mwana amene ali ndi peyala imodzi yokha ayankha bwanji, ndalama kapena phazi? Ine ndi sukulu yanga yonse sindinaganizepo. Tinakonza mawu kuti zimveke kuti tikunena za phazi.

Chovuta kwambiri chinali kubwereza. Mwana yemweyo ayenera kuyankhanso patapita masiku, kuti tione ngati mayankho sakusinthasintha pomwe phazi silinasinthe. Inali nthawi ya mvula, ku Kanyama madzi ali m'maondo, makolo alibe ya basi. Ena amene analonjeza pamsonkhano kuti adzathandiza kulondola mabanja, foni zawo zinasiya kuyankhidwa. Sindikusunga chakukhosi, koma ndinaona. Amayi aja anayenda khomo ndi khomo, chitenje chonyowa, osapempha ngakhale ngwee imodzi.

Zikomo kwa aphunzitsi anga, kwa anamwino amene munatipatsa kona yabata, kwa amuna anga amene mwadya nsima yozizira miyezi yonseyi. Makolo, munadzaza pepala lanu padera monga mafunsowa amafunira, ndipo ena munadabwa kuona kuti mwana akudandaula za kusekedwa kusukulu pomwe inu mumaganiza za ululu wokha. Kamtsikana kena, titafika pa funso la manyazi, kanayang'ana pansi nthawi yaitali kenako n'kuloza "nthawi zonse". Sikadachoke m'maso mwanga.

Amayi, Loweruka ndikubwera ku Chawama ndi pepala losindikizidwa kuti muone mawu anu mmene akhalira. Mulungu akusungireni inu ndi mnyamata wanu.