Mmene ndinakonzera pokalika pa pikiapu yanga yatsopano

Pikiapu yanga inali isanathe ngakhale miyezi iwiri pamene waya wa mpanda unaikala pachitseko chakumbuyo. Ndinkabwerera chambuyo pamalo opanikiza, ndipo ndinangomva kuti kweee. Nditatsika ndinapeza mzere wautali kuposa chikhatho changa, woyera mbee pa penti wa buluu. Mtima unandipweteka kwambiri, chifukwa galimotoyi ndinaisungira ndalama zaka zambiri.

Ndinatsuka malowo ndi madzi a sopo, kenako ndinayendetsa chikhadabo modutsa mzerewo. Chikhadabo chikadutsa osakodwa, ndiye kuti chakalika n'chigawo chapamwamba chokha, chowala chija chopanda mtundu chimene amati clear coat, ndipo polishi amafafaniza. Changa chinakodwa. Penti wa galimoto ndi wosanjikizana: pachitsulo pamakhala primer (penti woyamba wogwira chitsulo), pamwamba pake penti wa mtundu, kenako clear coat, ndipo zonsezi pamodzi zimangofanana makulidwe ndi pepala limodzi kapena awiri a m'kope. Kumapeto kwa mzere kunkaoneka primer wotuwa, koma pakati, malo okwana masentimita 3, chitsulo chinali poyera. Apa ndi pamene panandisowetsa tulo. Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limayenda pansi pa penti n'kumamutukumula. Ndinamatapo tepi kuti madzi asafikepo mpaka nditapeza zipangizo.

Penti sindinamusankhe ndi maso. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake, imene nthawi zambiri imalembedwa pa kasitika kapafelemu ya chitseko cha dalaivala kapena pansi pa boneti. Ndi nambala imeneyo ndinagula kabotolo ka penti, n'kuwonjezerapo ka primer ndi ka clear coat, isopropyl alcohol, sandipepala wa 2000 ndi wa 3000 (nambala ikakula ndiye kuti ndi wosalala kwambiri), rubbing compound (mankhwala otikitira kuti kuwala kubwerere), polishi ndi nsalu zofewa za microfibre.

Ntchitoyi ndinaigwirira pamthunzi, chitsulo chili chozizira, chifukwa padzuwa penti amauma asanalowe bwino mumzere. Ndinapukuta malowo ndi alcohol kuti phula lowalitsira galimoto (wax) ndi mafuta zichoke. Dzimbiri linali lisanayambe, choncho ndinangosalaza pang'ono m'mphepete mwa mzere ndi kansonga ka sandipepala.

Kenako ndinalakwitsa. Ndinagwiritsa ntchito kabulashi kamene kamabwera pachitsekero cha botolo. Kanatenga penti wambiri, ndipo pachitseko panatsala chibulumwa chonenepa katatu kuposa mzere weniweniwo. Ndinachipukuta msangamsanga ndi nsalu yonyowetsedwa pang'ono ndi thina (mankhwala osungunulira penti) chisanaume. Penti wa kufakitale amaumitsidwa mu uvuni, ndiye kupukuta kwa kanthawi kotereku sikunamuwononge, koma musamusiye thinayo akhalitsepo.

Nditayambiranso ndinatenga kamtengo kotokosera m'mano. Ndi kameneka kamene kanagwira ntchito yonse. Umaviika nsonga yokha, n'kuigunditsa mkati mwa mzere, ndipo penti amadziyendera yekha m'ngalandemo. Supaka ngati ukupenta khoma, umangodontheza. Primer ndinamuika pamene chitsulo chinkaoneka pokha, n'kumusiya aume malinga ndi zolembedwa pabotolo. Penti wa buluu ndinamugwedeza kwa mphindi ziwiri zathunthu, poti ndi wa metallic ndipo tizitsulo tonyezimira timakhazikika pansi. Ndinamuika katatu, mopyapyala, n'kumadikira mphindi 30 pakati pake. Ulendo woyamba pankaoneka motumbuluka moti mtima unkafuna kuwonjezera pomwepo. Ndinadzigwira. Penti wokhuthala amauma pamwamba pokha, mkati muli muwisi, ndipo pambuyo pake amakwinyika.

Buluuyo ndinamulekeza pansi pang'ono pa penti wozungulira kuti clear coat apeze malo. Mawa lake ndinaika clear coat katatu, ndipo iyeyu ndinamusiya atatumphuka pang'ono, chifukwa akamauma amatsika. Ndinadikira masiku asanu osakhudzapo.

Gawo losalaza ndi limene ndinkaliopa, ndipo m'pomveka. Clear coat wa kufakitale ndi wopyapyala kwambiri, ukamubowola sabwereranso. Ndinaviika sandipepala wa 2000 m'madzi kwa mphindi 15, n'kumukulunga pa kachofufutira kolimba ka pensulo kuti azidya chotumphuka chokha. Chala sichiyenera, chimabonyeza n'kukumba m'mbali. Ndinkapala kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, n'kupukuta, n'kuyang'ana, madzi osalekeza. Madzi oyera ngati mkaka amasonyeza kuti ukudya clear coat, zili bwino. Akangoyamba kuoneka a mtundu wa galimoto, lekani pomwepo, mwafika pa penti. Chala chitasiya kumva chitunda ndinamalizira ndi wa 3000.

Pamenepa malowo anachita mbuu, kuwala konse kutatha, ndipo ndinaima kaye n'kumadzifunsa ngati sindinaiwononge galimoto. Rubbing compound ndi amene anandikhazika mtima pansi. Ndinamuika pang'ono pansalu n'kumatikita mwamphamvu ndithu, ndipo ulendo wachitatu kuwala kunabwerera. Polishi anachotsa timizere totsala. Phula lowalitsira ndinapaka patatha masiku 30, kuti penti watsopanoyo ayambe wauma mpaka mkati.

Ukaima mamita awiri kuchokera pagalimoto suona kanthu. Ukawerama pafupi dzuwa likuwomba cham'mbali, kamzere koderapo pang'ono kamaoneka, chifukwa tizitsulo ta mu penti wodonthezedwa sitigona mofanana ndi ta penti wopopera. Kuti kasaoneke n'komwe pamafunika mmisiri apope chitseko chonse, ndipo ine sindinafune kuchotsa penti wa kufakitale pachitseko chathunthu chifukwa cha mzere umodzi. Mvula yadutsapo nyengo yonse, ndipo ndikamatsuka galimoto ndimayendetsa chala pamalopo: ndi posalala, palibe potukumuka.