Kuika brake controller pa pikiapu

Weekend yapitayi ndimaika brake controller ya Tekonsha, kabokosi kowongolera mabuleki a thirela, pa pikiapu yanga, chifukwa thirela yomwe ndimakoka ili ndi mabuleki amagetsi, ndiye popanda kabokosi kameneka mabulekiwo sagwira olo pang'ono, thirela imangokukankha kumbuyo potsetsereka.

Mawaya ndi anayi basi. Wakuda umapita ku batire kudzera pa circuit breaker, woyera ndi earth, wabuluu umayenda pansi pa galimoto mpaka ku soketi ya thirela. Wofiira ndi umene unanditulutsa thukuta aise, umafunika kulumikiza pa switch ya buleki mbali imene imabwera moto pokhapokha ukaponda, ndiye ndinagona chagada pansi pa siteringi ndi tesita, mwana akuponda pedo, khosi kuwawa.

Ine ndinasankha ya proportional, imamva mmene galimoto ikuimira nkumanga thirela mofanana, za mtundu wina wa time delay, zomanga ndi mphamvu yomwe unatchera kale, zimagwira mwadzidzidzi sindizikonda. Pomaliza ndinayesa pa msewu wopanda anthu, 40 km/h, kukoka kalivala ka pa kabokosiko komangira thirela pamanja nkumakweza gain (mphamvu ya mabuleki a thirela) mpaka matayala atatsala pang'ono kukhukhuluzika, kenako kutsitsako pang'ono. Ukapakira katundu wolemera umasinthanso.