Mazira a apongozi ndi U-Boot yoyesera

Apongozi anga aakazi atagula makina oswetsera mazira, ndinadzipereka ndekha, popanda wondipempha, kuwalumikizira kakompyuta kakang'ono ka Orange Pi PC Plus koti kaziyang'anira kutentha, kuti kuzikhala pa madigiri 37.5. Timabodi totere ndinali nato tiwiri tofanana ngati mapasa. Kena ndinakasiya kwa apongoziwo, ndipo kanzake kanatsala pa tebulo langa, pamene ndinkayeserapo chilichonse chondibwerera m'mutu.

Bodi yotere ikayatsidwa, pulogalamu yoyamba kudzuka ndi bootloader, ndipo yathu inali U-Boot. Imakonza memory, imapeza Linux pa eMMC (chosungiramo mafayilo chomangidwira pa bodi pomwepo) n'kuiyambitsa, kenako imagona tulo mpaka tsiku limene bodi idzayatsidwenso. Eni ake amatulutsa yokhazikika pafupifupi miyezi itatu iliyonse, ndipo pakati pake amatulutsa zoyesera zolembedwa rc. Kwa apongozi ndinaikako 2023.01. Ine ndinatenga 2023.04-rc2 n'kuikwezeranso liwiro la memory, osati chifukwa chakuti mazira amafuna liwiro, koma manja ankangondiyabwa.

Uchitsiru wanga unali pawiri. Phukusi la U-Boot la Debian (mtundu wina wa Linux) ukaliika silidzilemba lokha pa bodi, limadikira kuti mwini wake alamule. Ine ndinaona ngati kumeneko ndi kuchedwetsa anthu ophunzira, choncho ndinapanga phukusi langa lodzilemba nthawi yomweyo pa malo a 8 KiB, pamene tchipisi ta Allwinner, timene ndi ubongo wa timabodi totere, timayang'ana bootloader. Kenako ndinasunga yokhazikika ndi yoyesera m'nkhokwe imodzi ya maphukusi, kuiwala kuti apt, pulogalamu yoika maphukusi pa bodi, sadziwa za apongozi, amangotola nambala yaikulu.

Loweruka lina nditawayendera, ndinalemba apt upgrade pa kabodi kawo, lamulo limene linakokeramo yoyesera ija, ndi chala chimodzi uku akundithirira madzi osamba m'manja, ndipo ndinadya nsima ya nkhuku ngati munthu amene wagwira ntchito yolemetsa. Masiku anayi anadutsa makina akuyenda bwinobwino, popeza bootloader yowonongeka siivulaza kanthu malinga bodi isazime.

Usiku wa tsiku la 17, mazira atatsala ndi masiku anayi kuti aswe, magetsi anazima. Atabwerera, chilichonse m'nyumbamo chinayaka kupatula kabodi ka makina aja. Uthenga unafika mbandakucha kudzera kwa mkazi wanga, pakuti apongozi sadzudzula mkamwini maso ndi maso, ndipo unali waufupi kwambiri: mazira akuzizira.

Ndinafika pa kabaza n'kupeza mazira 60 atagawidwa kale. Ambiri anawafunditsa bulangete pafupi ndi mbaula, ena khumi anawalowetsa pansi pa nkhuku ya aneba imene inkafungatira ake, ndipo inkandiyang'ana ndi diso limodzi ngati ikudziwa wolakwa. Ndinanjuta, ndinapereka moni, kenako ndinalumikiza chingwe cha serial, choonetsa pa laputopu zimene bodi ikunena, pa liwiro la 115200. Pa laputopu panatuluka mzere wakuti U-Boot SPL 2023.04-rc2, wina wonena za DRAM (memory ija), basi zii. Kabodi ka pa tebulo langa kanapirira liwiro la memory lija, koma mapasa safanana mtima.

Mwayi wake, tchipisi ta Allwinner timayamba tayang'ana khadi la SD tisanapite ku eMMC, kotero ndinkangofunika khadi lolembapo 2023.01. Langa ndinaliiwala kunyumba chifukwa cha phuma. Khadi lokhalo m'nyumba monse linali m'kawailesi ka apongozi, lodzaza ndi nyimbo za kwaya ya amayi a kumpingo kwawo, zimene ankaphunzira pokonzekera Lamulungu.

“Amayi, ndingabwerekeko khadi lija kwa mphindi zochepa?” ndinafunsa nditaweramitsa mutu.

“Tengani bambo,” anayankha akuyang'ana kumbali, “komatu nkhuku ija sinapemphe khadi.”

Ndinawafotokozera mwaulemu kuti ndilemba pa kampata kopanda kanthu ka koyambirira kwa khadi, nyimbo zisanayambe, ndipo iwo anangoti “chabwino” ndi mawu omwe aja amene anavomera nawo tsiku limene ndinawalonjeza kuti makinawa sadzavuta. Lamulo la dd, lolembera U-Boot pa khadilo, ndinaliwerenga kasanu ndisanadine, thukuta likudontha pa kiyibodi, chifukwa kulakwitsa seek=8, yosonyeza malo oyambira kulemba, kukanandichotsera nyimbo ndi ukwati womwe. Bodi inadzuka, babu lotenthetsera linayaka, ndipo ndinalembanso 2023.01 pa eMMC manja akunjenjemera.

Madzulo omwewo ndinagawa nkhokwe ija pawiri, ndinaletsa kabodi ka apongozi kuona yoyesera, ndinakhomerera phukusi lake ndi apt-mark hold kuti lisamasinthike, ndiponso ndinachotsa nzeru zanga zodzilemba zokha zija. Khadi ndinalibweza ndi manja awiri, ndipo sanandilole kuchoka mpaka atamvetsera nyimbo zonse, imodzi ndi imodzi, ine nditakhala pa mphasa.

Mwa mazira 50 amene anabwerera m'makina anaswa 31. Khumi a pansi pa nkhuku anaswa onse, ndipo aneba anatengapo anapiye awiri ngati malipiro a nkhuku yawo, omwe apongozi anati ndiwabweza ine pa mtengo wa nkhuku zazikulu.